Za Osunga Cuma ndi Osunga Malamulo a Mzinda

Phunziro la mwezi uno liri la akapitao a m'mizinda, makamaka iwo akugwira ndarama za anthu ndi iwo akusunga malamulo. Kapena wina adzati, Ife ndife anthu a kumudzi, nanga za m'mizinda zitikhudza bwanji? Koma taganizani. Mai wopita ndi nyemba zace kumsika alipira msonkho wa pamsika; mnyamata wotsegula kasitolo agula laisensi; ndipo ana athu ambiri akhala m'nyumba za m'tauni, zimene eni ace azilipirira msonkho caka ndi caka. Ndarama zonsezi zilowa m'thumba limodzi, ndipo alipo anthu oikidwa kulisunga thumbalo. Akalisunga bwino, mseu ukonzeka, msika useseka, ndi anchito alandira malipiro ao. Akalisunga moipa, osauka ndiwo ayamba kumva kuwawa.

Cifukwa cace tiyenera kudziwa nchito ya yense wa akapitao awa. Citsanzo cathu ticitenga ku mzinda waung'ono wa ku America, dzina lace Dixon, m'cigawo ca Illinois. Pakuti zimene zinacitika kumeneko zionetsa poyera cifukwa cace nchito izi anazigawa kwa anthu angapo, osazipatsa munthu mmodzi.

1. ENI MZINDA NDI AKAPITAO AO

Pamudzi pathu nkhokwe iri pabwalo, poonekera kwa onse. Munthu akatapamo cimanga usiku, m'mawa mapazi ace aoneka. M'mzinda si momwemo ai. Anthu ace ndi ambiri, sadziwana, ndipo sangathe kusonkhana onse patsinde pa mtengo umodzi kukambirana za msonkho. Motero asankha anthu owerengeka akuwalankhulira, ndiwo meya ndi makhansala. Awa ndiwo apanga malamulo a mzinda, naika misonkho, nabvomereza bajeti. Bajetiyo ndiyo cikalata conena ndarama zimene mzinda uyembekeza kulandira m'caka, ndi nchito zimene ndaramazo zidzagwira. Koma makhansala sagwira ndarama ndi manja ao, ndiponso ambiri a iwo sanaphunzira malamulo. Nchito ya tsiku ndi tsiku iri m'manja mwa akapitao: msungicuma, woyang'anira mabuku, mlembi, ndi loya wa mzinda.

Maudindo awa sanayamba dzulo. Owerenga athu akumbukira kuti m'kalata wa kwa Aroma, caputala 16, muchulidwa Erasto, amene anali woyang'anira cuma ca mzinda. Akumbukiranso za mlembi wa ku Efeso, m'buku la Macitidwe a Atumwi, caputala 19. Khamu la anthu linapfuula m'bwalo lamasewera monga maora awiri, ndipo mlembiyo ndiye analitontholetsa. Anakumbutsa Demetriyo ndi amisiri anzace kuti mabwalo a mirandu alipo, nacenjeza anthu kuti mzinda wonse ungaimbidwe mlandu wa cipolowe, pamenepo anawabalalitsa. Umo ndimo acitira kapitao wodziwa malamulo: aona tsoka likali kutali, nauza eni mzinda asanagwemo.

2. MSUNGICUMA

Nchito ya msungicuma ndiyo kulandira ndi kusunga. Lamulo la mizinda ya m'Illinois limlamulira kulandira ndarama zonse za mzinda, kupatsa munthu ali yense wolipira risiti, ndi kulemba m'mabuku monga analandirira. Ndarama za mzinda aziika kubanki imene makhansala anaisankha, ndipo saloledwa kuzisakaniza ndi zace za iye mwini, kapena kuzigwiritsa nchito yace, angakhale anena kuti adzabweza mawa. Pakutha pa mwezi uli wonse apereka ciwerengero kwa makhansala, cakunena zolowa, zoturuka ndi zotsala. Caka cikatha alembanso ciwerengero ca caka conse, ndipo ciwerengeroco cibukitsidwa kuti eni mzinda aciwerenge okha.

Asanayambe nchito, msungicuma apereka cikole. Kawirikawiri kampani ya inshuwalansi ndiyo imuimira, nilonjeza kuti iye akataya ndarama za mzinda, idzabwezera mzindawo kufikira mtengo wa cikoleco. Ici citiphunzitsa kuti opanga lamulo sanayesa msungicuma ali yense mngelo. Anadziwa kuti ndarama ziyesa munthu.

Cinthu cimodzi ticigwiritse: msungicuma si mwini cuma. Saturutsa ndarama cifukwa iye wafuna, kapena cifukwa meya wamnong'oneza. Aturutsa pokhapo pali cikalata ca cilolezo, colembedwa monga mwa bajeti.

3. WOYANG'ANIRA MABUKU

Uyu ndiye amene Azungu amucha comptroller. Iye sasunga ndarama, koma ayang'anira iwo akuzisunga. Lamulo lomwelo la Illinois limpatsa mphamvu ya kuyang'anira akapitao onse akulandira, kusonkhetsa ndi kuturutsa ndarama za mzinda. Munthu akadza ndi kalata wofuna malipiro, kunena kuti wakonza mseu kapena wagulitsa simenti, woyang'anira mabuku afunsa mafunso atatu. Kodi nchito iyi iri m'bajeti? Kodi yacitikadi? Kodi mtengo wace ndi umene anapangana? Akakhutira, abvomereza, akapanda kukhutira, ndarama sizituruka. Iye athandizanso kukonza bajeti ya caka cakudza, pakuti ndiye adziwa umo zinayendera ndarama m'caka capita.

Taonani nzeru yace ya makonzedwe awa. Wogwira ndarama alibe mphamvu ya kubvomereza, ndi wobvomereza sagwira ndarama. Wina akafuna kuba, ayenera kuyamba wanyenga mnzace, kapena kupangana naye. Ndipo cinsinsi ca anthu awiri sicikhalitsa. Mizinda yaikuru isamala cinthu ici koposa. Ku New York anthu asankha okha woyang'anira mabuku, kuti asaope meya. Ku Chicago asankha okha msungicuma ndi mlembi.

4. MLEMBI WA MZINDA

Mlembi ndiye cikumbukiro ca mzinda. Akhala pa misonkhano yonse ya makhansala, nalemba zimene agwirizana. Asunga cidindo ca mzinda, ndi malamulo ace, ndi mapangano ace, ndi makalata ace. Pakauka kutsutsana, wina nati, Tinabvomereza zakuti, mnzace nati, Iai, buku la mlembi ndilo lidula mlandu. Ambiri ayesa nchito iyi yaing'ono, popeza mlembi salamulira munthu; koma tidzaona m'tsogolomu kuti mlembi wakuwerenga mosamala ndiye anapulumutsa mzinda wa Dixon.

5. LOYA WA MZINDA

Nchito zace ziri zinai. Yoyamba, alangiza meya ndi makhansala ndi akapitao, kuwauza cimene lamulo lilola ndi cimene liletsa. Pakuti mzinda ulibe mphamvu koma yokhayo imene boma lalikuru laupatsa, ndipo makhansala akapitirira malire, bwalo la mirandu lifafaniza cimene acita. Yaciwiri, alemba malamulo a mzinda ndi mapangano ace m'mau osakhota, kuti womanga mlatho asapeze pothawira mlathowo ukagwa. Yacitatu, aimira mzinda pabwalo, pamene wina ausumira, kapena pamene mzinda usumira wina. Yacinai, m'mizinda yambiri ndiye aimba mlandu anthu akulakwira malamulo a mzinda, monga womanga nyumba wopanda cilolezo.

Pali funso lalikuru apa: loya uyu atumikira yani? Satumikira meya monga munthu, kapena cipani cace. Atumikira mzinda wonse. Meya akafuna kucita cosaloleka, loya wokhulupirika amuuza kuti, Iai, ngakhale mauwo amtayitse nchito. Ku Chicago meya ndiye asankha loya, makhansala nabvomereza. Koma ku Los Angeles ndi ku San Francisco anthu amsankha okha ndi mavoti, kuti akhale ndi ufulu wa kunena zoona.

6. OWERENGERA OCOKERA KUNJA

Pamwamba pa akapitao onsewa pali mlonda winanso. Kamodzi pa caka kudza anthu osagwira nchito m'ofesi ya mzinda, ophunzira za mabuku a ndarama, kudzafufuza. Nchito yao si kuphatikiza manambala cabe. Ayenera kufunsa kubanki okha, kuti adziwe maakaunti onse a mzinda. Ayenera kutengako makalata ena a malipiro, ndi kutsimikiza kuti wolipidwayo alipodi, ndi nchito yace iripo. Koposa zonse ayenera kukhala opanda cibale kapena phindu ndi iwo amene awafufuza.

7. ZIMENE ZINACITIKA KU DIXON

Dixon ndi mzinda wa anthu oposa 15,000 pang'ono, womangidwa pa mtsinje wa Rock River, makilomita monga 160 kumadzulo kwa Chicago. Ronald Reagan, amene anadzakhala Prezidenti wa America, anakulira komweko. Zaka zambiri mzindawo unalamulidwa ndi meya ndi makomishonala anai; onsewo anali ndi nchito zao zina, ndipo za mzinda anazicita pa nthawi yotsala.

M'caka ca 1970 mtsikana wa pasukulu, amene anadzadziwika ndi dzina la Rita Crundwell, anayamba kuthandiza muofesi ya mzinda. Anali wacangu ndi waulemu, wodziwa manambala, ndipo akuru anamkonda. M'caka ca 1983 anampatsa maudindo awiri pamodzi, wa msungicuma ndi wa woyang'anira mabuku. Apa ndipo panagona tsoka. Tanena kuti woyang'anira mabuku ndiye mlonda wa msungicuma. Tsono ku Dixon mlonda ndi wolondedwa anali munthu mmodzi.

Mu Disembala 1990 iye anatsegula akaunti yacinsinsi kubanki, naipatsa dzina looneka ngati la thumba la mzinda la nchito ya mipope ya madzi oipa. Ndipo wosaina pa akauntiyo anali iye yekha. Macitidwe ace anali otere. Anasuntha ndarama kuzicotsa m'matumba ena a mzinda, naziunjika m'thumba la nchito zomanga. Atatero analemba makalata onama, onga ocokera ku boma la Illinois, ofuna malipiro a nchito za miseu zimene sizinacitika konse. Makalata otere anapitirira 150. Pamenepo analemba maceke a malipirowo m'dzina la Msungicuma, nawaika m'akaunti yacinsinsi ija. Monga woyang'anira mabuku anabvomereza. Monga msungicuma analipira. Ndipo anadzilembera yekha m'mabuku kuti zonse ziri bwino. Ngakhale makalata a kupositi anakatenga yekha, kuti wina asaone cikalata ca kubanki. Ndipo pocoka iye, anatuma anthu kumpatulira makalata ace.

M'caka ca 1991 anatenga madola 181,000. Poona kuti palibe wofunsa, dzanja linakula; m'caka ca 2008 cokha anatenga madola 5.8 miliyoni. Pofika 2012 zonse pamodzi zinakwana madola 53.7 miliyoni. Malipiro ace a caka anali monga madola 80,000. Koma anaweta akavalo a mtengo wapatali monga 400, nagula nyumba ndi minda, ndi galimoto lalikuru logonamo la madola oposa 2 miliyoni. Akavalo ace anapambana pa mipikisano yaikuru ya dziko lonselo. Anthu a ku Dixon anaziona zonsezi, nayesa kuti cumaco cicokera ku malonda a akavalo, nanyadira mwana wa kwao.

Nanga mzinda unali bwanji masiku amenewo? Unasauka. Miseu inakumbika, osakonzedwa. Apolisi anapempha zipangizo zatsopano, nauzidwa kuti ndarama palibe. Anchito a mzinda anakhala zaka osakwezedwa malipiro. Makomishonala pofunsa cifukwa cace, Crundwell anayankha kuti boma la Illinois licedwa kutumiza gawo la mzinda la misonkho, ndi kuti masiku ndi obvuta. Ndipo iwo anakhulupirira, nadula bajeti. Analibe kwina kofunsa, pakuti ciwerengero ciri conse cimene anaciona cinacokera m'dzanja la iye amene analikuba.

Ndi owerengera a kunja aja anali kuti? Anadza caka ndi caka, nanena kuti mabuku ali bwino. Makalata onamawo analibe cizindikiro ca ofesi ya boma imene anati acokerako. Koma panalibe wofunsa ku bomako, kapena woyenda kukaona mseu umene anati wakonzedwa. Ndiponso kampani yomwe inagwira nchito ya mabuku a mzinda inakonzeranso Crundwell makalata a msonkho wace wa iye mwini. Akuru anati, ciswe cilowa m'mphasa yongoimika. Mabuku a ku Dixon anaimikidwa zaka 20 osayalidwa.

8. UMO CINSINSI CINAULULIKA

Mu Okutobala 2011 Crundwell anali pa chuthi cacitali. Mlembi wa mzinda, Kathe Swanson, anayenera kukonza ciwerengero ca ndarama ca msonkhano wa makomishonala. Ndipo posowa zikalata, anapempha banki kuti imtumizire zikalata za maakaunti onse a mzinda. Pakati pa izo panali cikalata ca akaunti imene iye sanaidziwa, coonetsa ndarama zambiri zolowa ndi zoturuka.

Tilingalire pang'ono za mai uyu. Amene anampeza ndi mlandu anali mkuru wace, wogwira naye nchito zaka zambiri, wolemekezedwa ndi mzinda wonse. Kukadakhala kwapafupi kubwezera cikalataco m'kabati, ndi kunena mumtima, Si nchito yanga. Koma anacitengera kwa meya, James Burke; ndipo meyayo sanaitana Crundwell kudzamfunsa m'tseri, koma anapita kwa apolisi a boma lalikuru, ochedwa FBI. Apolisi anawapempha akhale cete kufikira umboni ukwane. Miyezi 6 mlembiyo anagwira nchito m'ofesi imodzi ndi wakubayo, nampatsa moni m'mawa uli wonse, osaulula kanthu. Pa 17 Epulo 2012 Crundwell anagwidwa.

9. MIRANDU IWIRI

Apa tiphunzira kusiyana kwa nchito za anthu a malamulo, pakuti panali mirandu iwiri, ndipo uli wonse unali ndi colinga cace.

Mlandu woyamba unali wa cilango. Uwu sunali m'manja mwa loya wa mzinda, koma mwa oimba mirandu a boma lalikuru la America. Mu Novembala 2012 Crundwell anabvomera kulakwa kwace, ndipo pa 14 Febuluwale 2013 woweruza Philip Reinhard, wa ku Rockford, anamlamula kukhala m'ndende zaka 19 ndi miyezi 7, ndi kubweza zonse anazitenga. Boma linagulitsa akavalo, nyumba ndi katundu wace, ndipo mzinda unalandirapo madola oposa 9 miliyoni. Onani kucepa kwace: pa madola 6 ali onse otayika, panabwera ngati dola imodzi. Madzi akatayika saoleka.

Mlandu waciwiri unali wa kubwezetsa cuma, ndipo uwu ndiwo unali wa mzinda. Popeza unali mlandu waukuru, mzinda unalemba maloya ena a kunja, nusumira alonda amene anagona, ndiwo owerengera mabuku ndi banki. Mu Seputembala 2013 iwo anabvomera kulipira madola 40 miliyoni: kampani yaikuru ya owerengera inapereka oposa 35 miliyoni, banki pafupi 4 miliyoni, ndi wowerengera wina 1 miliyoni. Pa ndaramazo monga gawo limodzi la magawo anai linapita kwa maloya. Mlandu uwu utiphunzitsa kuti wolandira malipiro a ulonda, nagona, ali nao mangawa ngakhale sanaba ndiye.

Pambuyo pace anthu a ku Dixon anakonza nyumba yao. Analemba mkuru wa za ndarama watsopano, nagawa nchito kuti wolandira makalata, wolemba maceke, wosaina, ndi wolinganiza mabuku ndi zikalata za kubanki akhale anthu osiyana. Mu Novembala 2014 anaponya mavoti, nasankha kusiya ulamuliro wa makomishonala, ndi kulemba mkuru wophunzira nchito ya kuyendetsa mzinda, wakuyankha kwa makhansala.

Crundwell sanatsiriza zaka zace m'ndende. Mu Ogasiti 2021 anamlola kukatsiriza cilango ali panyumba, ndipo mu Disembala 2024 Prezidenti Joe Biden anafupikitsa cilango cace pamodzi ndi ca anthu ena monga 1,500. Ambiri a ku Dixon anawawidwa mtima ndi ici.

10. ZIMENE TITENGAPO

Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. M'dziko lathu la Malawi mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, pamodzi ndi maboma onse, iri ndi makhonsolo ace, monga mwa lamulo la maboma ang'ono la 1998. Khonsolo iri yonse iri ndi mkuru wa za ndarama, ndipo Auditor General wa boma ndiye afufuza mabuku ace. Tikumbukiranso kuti kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko linakhala lopanda makhansala osankhidwa, ndipo zaka zimenezo akapitao anagwira ndarama popanda oimira anthu akuwafunsa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wa kupempha zikalata za boma linayamba kugwira nchito m'caka ca 2020, ndipo makhonsolo ali pansi pace. Koma lamulo silidzifunsira lokha. Lifuna anthu akulidziwa. Tsono tisunge mau awa asanu.

Loyamba: wobvomereza, wolipira ndi wolemba m'buku asakhale munthu mmodzi. Lamulo ili liri la mzinda waukuru, ndiponso la komiti ya mjigo, ya sukulu, ndi ya banki ya m'khonde.

Laciwiri: cikalata ca kubanki cifike kwa munthu wina amene sagwira ndarama, ndipo aciwerenge ndithu, mzere ndi mzere.

Lacitatu: wosunga cuma apumule nthawi zina, wina nagwira nchito yace. Ku Dixon cinsinsi ca zaka 20 cinaululika pamene mwini wace anacoka pampando masabata owerengeka.

Lacinai: pepala si mseu. Tikamva kuti ndarama zapita ku mlatho, tiyende kukaona mlathowo ndi maso athu.

Lacisanu: tikalipira msonkho uli wonse, ngakhale waung'ono wa pamsika, tilandire risiti. Wokhometsa akati, Lipirani theka, risiti ileke, si cifundo ai. Theka lija sililowa m'thumba la mzinda, ndipo ife tamthandiza kuba za ife eni.

Alipo ena amene adzati, Kuwerengera munthu wokhulupirika ndiko kumnyoza. Kodi timyese mbala mbale wathu amene tamdziwa ciyambire ubwana wace? Mau awa ali ndi mphamvu pakati pathu, pakuti ndife anthu aulemu, ndipo sitikonda kucititsa mkuru manyazi. Koma tiyankha kuti anthu a ku Dixon anamdziwanso Crundwell ciyambire ubwana wace. Ndiponso kuwerengera kucinjiriza wokhulupirikayo. Msungicuma wopanda mboni alibe podzikanira tsiku limene anthu ayamba kunong'onezana. Koma iye amene mabuku ace awerengedwa mwezi ndi mwezi agona tulo, ndipo dzina lace likhala loyera. Cifukwa cace kapitao wabwino sadikira kufunsidwa. Aturutsa buku yekha, nati, Werengani. Ndipo ife tikaona wosunga cuma akupsa mtima cifukwa ca funso laulemu, pamenepo ndipo tiyenera kufunsitsa.

Tsono pakudza nthawi ya kusankha makhansala, tisayang'ane zobvala kapena mphatso zao; tifunse ngati munthuyo adziwa kuwerenga ciwerengero, ndi ngati ali nao mtima wa kufunsa mkuru funso lobvuta. Ndipo ana athu amene alikuphunzira, amene ena a iwo adzakhala alembi ndi asungicuma ndi maloya, tiwauze nkhani ya mlembi uja amene sanabwezera cikalata m'kabati.

MAFUNSO A PHUNZIRO

1. Chulani akapitao anai a mzinda, ndi nchito yaikuru ya yense wa iwo.

2. Cifukwa ninji msungicuma ndi woyang'anira mabuku ayenera kukhala anthu awiri?

3. Loya wa mzinda atumikira yani? Acitenji meya akafuna cimene lamulo liletsa?

4. Owerengera a ku Dixon akadacita ciani kuti apeze cinyengo msanga?

5. Fotokozani kusiyana kwa mirandu iwiri ija, ndi cimene mzinda unapindula pa uli wonse.

6. Pamudzi panu pali matumba angati a ndarama za anthu? Pa thumba liri lonse, abvomereza ndani, asunga ndani, ndipo awerengera ndani? Kambiranani ici pamodzi mwezi uno usanathe.